Chimene Atsibweni Anapeza M'mimba mwa Kamphepo

Atsibweni anga a Levison Chikoti satha kutaya chinthu asanachione m'kati. Kwathu kuno, kumadzulo kwa Nsaru, aliyense amadziwa. Aphunzitsi ena anawasungitsa wotchi popita kukasamba kudambo, ndipo pobwera anapeza tizitsulo tonse tili pamzere pa kansalu, atsibweni atatiweramira ngati akusankha mawere. Wotchiyo anaibwezeretsa ndithu, inayendanso. Kachitsulo kamodzi kokha kanasowa pokhala, ndipo amakasungabe m'bokosi la machesi, akuti tsiku lina adzadziwa ntchito yake.

Ali mnyamata anakagwira ntchito ku Lilongwe, pa butchala ya mmwenye wina. Anzawo ankalimbirana kudula nyama, iwo anapempha ntchito imene onse ankaithawa, yotsuka zam'kati. Akuti kumeneko ndiko anaona koyamba kuti ng'ombe ili ndi zifu zinayi, ndipo tsiku limenelo chakudya sichinawalowe, akudzifunsa kuti nanga munthu anamumana bwanji. Chichokereni kumeneko, paukwati kapena pamaliro, mpeni wophera mbuzi amapatsa iwo. Amasenda bwino, chikopa osachiboola. Kupha sachedwa ayi, chimene amachedwa nacho ndi kuona. Paukwati wanga ndi a Stephano anthu anadya dzuwa litapendeka, chifukwa atsibweni anapeza kansanza m'chifu cha mbuzi, nayamba kuyenda nako pakati pa alendo kufunsa mwini wake.

Anakwatira ku Kabudula nakhala chikamwini komweko zaka zambiri. Akazi awo, a Agnesi, anadwala mimba yotupa namwalira popanda wina wonena kuti chinali chiyani. Za imfa imeneyo atsibweni sakamba. Ndinangowamva kamodzi akuuza amayi kuti, "Mlongo, ife timakwirira munthu pamodzi ndi yankho lake." Atawasudzula kuchikamwiniko anabwerera kuno kwa amayi, mlongo wawo, atanyamula mphasa, mipeni yawo, ndi kamwana ka galu m'thumba la jekete. Ine ndinali kamtsikana. Galuyo anamutcha Kamphepo, chifukwa atakula ankafika pa gwape mapazi ake osamveka.

M'chaka cha 1957 Kamphepo anali atakalamba, kukamwa kutachita imvi, kusaka atasiya. Ntchito imene inamutsalira inali ya pakhomo panga. Amuna anga anali ku Halale kuntchito, ine ndili ndi mwana wanga woyamba, Rhoda, amene anali atangoyamba kuimirira pogwira khoma. Kuno mwana akadzithandiza pabwalo, mayi amaitana galu. Galu amadya zonse, amanyambita pansi, kenaka amanyambita mwanayo, iwe n'kungotsiriza ndi timadzi. Kusukulu ya atsikana kumene ndinalekezera mu Standade 7 anatiuza kuti zimenezi n'zauve, ndipo ndinkavomera. Koma chitsime chathu chili kutali, ndipo mwana safunsa kaye ngati mumtsuko muli madzi. Ndinkaitana Kamphepo monga amayi ankaitanira galu wina ine ndili khanda.

Kusintha kunayamba nthawi yowokera fodya. Ndikamuitana ankabwera ndithu, koma pang'onopang'ono, n'kununkhiza, nthawi zina n'kungobwerera. Chimanga chikamamasula nthiti zake zinali zikuwerengeka. Ankadya udzu n'kusanza zachikasu. Kenaka anayamba kakhalidwe kena kamene sindinakaonepo pa galu. Ankagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo atatambasula, kumbuyo kuli m'mwamba, n'kukhala choncho nthawi yaitali, maso atatsinzina.

Kutsidya kwa njira yathu kumakhala a Linesi, msuweni wa atsibweni, amene amatcheza kachasu. Monga mwa chisuweni, amawatchula atsibweni kuti amuna anga, ndipo sadutsana popanda kulumana.

"Amuna anga," anatero tsiku lina ataima ndi mtolo wa nkhuni pamutu, "galu wanu wayamba kupemphera, eti? Wachita bwino. Mwini wake akalowa m'tchalitchi amangoyang'ana mmene analumikizira mitengo ya denga."

"Akupempherera inu, mkazi wanga. Wamva fungo la kuseri kwa nyumba yanu."

Koma atsibweni sanaseke nthawi yaitali. Ananjuta pambali pa galuyo nayamba kumusisita pamimba, kukanikiza pang'ono ndi zala. Kumunsi galu anangokhala chete. Atafika pansi pa nthiti, chakumanja, Kamphepo analira kamawu kakang'ono.

"Apa," anatero. Anakanikizanso kwina. "Osati apa. Apa."

Anayesa zonse zimene ankadziwa. Poganiza kuti wadya chiphe, anamumwetsa makala osinja osakaniza ndi mkaka. Poganiza za njoka za m'mimba, anamuwiritsira mizu. Ankamutsata kutchire ndi kamtengo kukatakasa zimene wachita, n'kubwera akuuza aliyense, ngakhale amene akudya, kuti ndi zotuwa, zonyezimira ngati muli mafuta. Tsiku lina anandiitana.

"Estere, maso ako ndi anthete. Tabwera uone."

Anakweza chikope cha galuyo. Poyenera kukhala poyera panali chikasu. Anatukula mlomo, nkhama nazonso chikasu. Ngakhale m'kati mwa khutu.

"Kodi n'chiyani, atsibweni?"

"Ndikanadziwa ndikanakuitana?"

Tsiku limene tinayamba kukumba mtedza ndi limene zinachitika. Ndinali nditangobwera kumunda, ndamutsitsa Rhoda pakhonde kuti ndimwe madzi. Kamphepo anali atagona pamthunzi wa nkhokwe. Mwanayo anakwawa nafika pa iye, ndipo pofuna kuimirira anamugwira pamimba ndi manja onse awiri, pomwe paja. Ndinangomva "hau!" ndi kulira kwa mwana. Dzino linam'kanda pamkono, pafupi ndi dzanja. Sichinali chilonda chachikulu, kamzere chabe, koma magazi anatuluka. Galuyo anadzikoka nalowa pansi pa nkhokwe, dovu likuchucha pakamwa.

A Linesi anafika amayi asanafike. Anasuzumira pansi pa nkhokwe nabwerera chafutambuyo.

"Mayo ine! Dovulo! Chiwewe ichi, anthu inu!"

Chaka chathacho, cha ku Mpingu, tinamva za mwana amene analumidwa ndi galu. Anachira chilonda, nasewera ndi anzake, kenaka anayamba kuopa madzi namwalira atamumanga ndi nsalu. A boma anabwera ndi mfuti kupha agalu m'midzi ya kumeneko.

Amayi anachita zimene amachita onse. Anauza atsibweni kuti adule ubweya wa kumchira wa galuyo, anautentha pa phale, napaka phulusa lake pachilondapo. A Linesi anali atatola kale musi.

"Tulutsani galuyo, amuna anga. Ngati mukuchita naye manyazi, ndimumenya ndine."

Atsibweni anaima patsogolo pa nkhokwe. "Tikamupha lero, tidziwa chiyani?"

"Tidziwa kuti wafa."

"Za mwanayu tidziwa chiyani?"

Ine ndinkafuna kupita kuchipatala ku Lilongwe tsiku lomwelo. Amayi anakana. Anati anamva kuti kumeneko amabaya jakisoni pamimba tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale akuluakulu ena amabwerako atapuwala, nanga kamwana koyamwa? Amuna anga kunalibe. Mwini mbumba ndi atsibweni, ndipo mwana sapita ulendo wotere popanda mawu awo. Ndinagwada patsogolo pawo, Rhoda ali pachifuwa.

"Atsibweni, mwanayu ndi wanu. Kodi galu ndiye wakula kuposa iye?"

Anagwira kadzanja ka Rhoda nayang'ana kamzereko.

"Galu wachiwewe ndinamuonapo ku Kabudula," anatero. "Amaluma mwala, amaluma mtengo, mwini wake samudziwa. Uyu waluma pamene am'gwira popweteka, n'kubisala ndi manyazi. Koma sindilumbira. Ndimumanga, ndizimuona. Akangosintha khalidwe, ndikukweza panjinga tsiku lomwelo, amayi ako afune asafune."

Anamumanga m'chigafa cha fodya ndi unyolo wa ngolo. Ndinawakwiyira, ndipo kwa nthawi ndithu amene ankawapatsa madzi osamba anali amayi, osati ine.

Ngati kuti mantha amenewo anali ochepa, a Linesi anabwera ndi ena. Tinali tikuthothola mtedza pabwalo, iwo akuthandiza.

"Ine ndagona ndikuganiza," anatero. "Tikuti galu wapatsira mwana. Nanga galuyo wakhala akudya za yani?"

Amayi anasiya kuthothola. "Ukuti chiyani, Linesi?"

"Sindikuti kanthu. Ndikungofunsa. Galu sawonda popanda chifukwa. Mwina chinthucho chili mwa mwana, galu wakhala akuchikoka pang'onopang'ono. Ndiye tsopano mwamumanga, achikoka ndani?"

Kuyambira pamenepo ndinalibe pothawira. Ngati ndi chiwewe, chalowa mwa Rhoda ndi dzino. Ngati si chiwewe, ndiye kuti chinali mwa iye kale. M'mawa uliwonse ndinkatuluka naye padzuwa n'kumukweza zikope kufunafuna chikasu. Ndinkamukanikiza pansi pa nthiti monga ndinaonera atsibweni, iye n'kumaseka poyesa ndikumugirigisha. Ndinkamupatsa madzi m'chikho kuti ndione ngati awaopa. Akamwa ndinkapuma, pakapita kanthawi n'kumupatsanso. Mwanayo anamwa madzi nyengo imeneyo mpaka amayi anati ndidzamusandutsa chule. Akakana chikho chifukwa chokhuta, ndinkamunyengerera mpaka amwe.

Atsibweni anasiya pafupifupi ntchito zonse. Ankakhala pakhomo pa chigafa pa kampando kawo, mbale ya madzi ili pambali. Ankalowetsa ndodo n'kumukhudza galuyo pamphuno kuti aone ngati ailuma. Kamphepo ankangoinunkhiza. Akamuitana dzina ankagwedeza nsonga ya mchira. Madzi ankamwa ndithu, koma pakapita kanthawi ankawasanza. Ngakhale ndinali wokwiya, ndinkapezeka ndaima chapatali ndikuyang'ana nanenso.

"Wamwa?" ndinkafunsa.

"Wamwa. Wakoyo?"

"Wamwa."

Kuyankhulana kwathu kunali komweko.

Kamphepo anafa m'mawa wina titatsiriza kuthothola mtedza wonse, titauyanika ndi kuulonga m'nkhokwe. Anafa chigonere, mutu uli pamiyendo yake. Amayi ndi a Linesi anati atenthedwe yense, kuti agalu ena ndi afisi asamudye n'kutenga misalayo.

"Ndimuone kaye m'kati," anatero atsibweni.

"Achimwene, simuli bwino inu," anatero amayi. "Galu amatumbula ndani? Ndi mbuzi imeneyo?"

Anakangana mpaka a Linesi ndiwo anapeza pogwirizana. "Misala imakhala m'mutu," anatero. "Tipatseni mutuwo titenthe. Zinazo tengani mukaphike, poti nyama mwaisowa."

Atsibweni anavomera msanga, poti chimene ankafuna sichinali m'mutu. Anaudula nawapatsa pa khasu. Amayi ndi a Linesi anaunjika mapesi ndi mitengo ya fodya kuseri kwa chulu, nautentha mpaka kutsala phulusa. Atsibweni anakokera thupilo kuseri kwa chigafa. Ine ndinamupereka Rhoda kwa amayi.

"Ukupita kuti? Woyamwitsa saona zimenezo, mkaka udzasasa."

"Ukasasa ndidzam'patsa phala," ndinatero. Aka kanali koyamba kuwayankha amayi chotero.

Atsibweni atandiona sanandithamangitse. Anangoti, "Ima kumene kukuchokera mphepo." Anayala masamba a nthochi, nam'goneka galuyo chagada, nang'amba pang'onopang'ono kuchokera pachifuwa. Mafuta analibe ngakhale pang'ono. Zonse za m'kati zinali ndi chikasu chija, ngati zaviikidwa m'madzi a mphika wa maungu. Ankatulutsa chimodzichimodzi, akuchitchula dzina monga munthu wopereka moni kwa abale.

"Mapapo ali bwino. Mtima ndi wa nkhalamba, koma uli bwino. Chifu chilibe kanthu, fupa mulibe, waya mulibe. Njoka zilimo, koma zochepa, sizingaphe galu izi."

Atafika pachiwindi anaima. Chinali ndi timadontho toyera, tolimba, ngati wina wawazapo mapira. Ndulu inali itatupa ngati kapapaya kakang'ono. Anaifinya pang'ono, koma palibe chinatuluka kupita m'thumbo. Anatsata kanjirako ndi chala, kutsika, kutsika, mpaka chala chinagunda chinthu.

"Eya," anatero chapansipansi. "Ndiwe uli apa."

Anandiuza kuti pamene chifu chimathera ndipo matumbo amayambira pamagona kanyama kofewa, kotuwa, kamene kubutchala ankati kapamba. Anati dzina lomweli ena amatchulira chakuda chija chonga lilime, koma iwo akunena kotuwaka. Pa mbuzi, pa nkhumba, pa chilichonse chimene anatumbulapo, kanali kofewa kuti ungakaphwanye ndi zala ziwiri. Ka Kamphepo kanali ndi chibuluma chachikulu ngati dzira la nkhuku, choyera, chabwampubwampu. Anachigogoda ndi msana wa mpeni, chinalira ngati chinangwa chouma. Chinali chitakumbatira kanjira ka ndulu kaja n'kukatseka.

Anachidula pakati. Munalibe mafinya, munalibe mphutsi, munalibe minga. Nyama yokhayokha, yolimba.

Anakhala pansi pa zidendene akuchitembenuza. Nkhope yawo sindinaimvetse. Anali ngati munthu amene wapeza mbuzi yake yosochera, koma waipeza itafa.

"Nthawi yonseyi ndinkam'mwetsa makala," anatero.

"Atsibweni, kodi Rhoda ali nacho?"

"Sindidziwa."

"Chinalowa bwanji? Ndi pakamwa?"

"Sindidziwa, mwana wa mlongo wanga. Ndikakuuza kuti ayi ndikhala ndikukunamiza. Koma ku dipi kuli munthu amene anaphunzira za ziweto. Mawa ndi tsiku losambitsa ng'ombe."

Vuto linali lakuti chinthucho chisawole. Atsibweni anatsuka chitini cha jamu napita nacho kutsidya kwa njira.

"Mkazi wanga, ndithireni kachasu wa mutu, weniweni."

A Linesi anaomba m'manja naitana oyandikana nawo. "Bwerani muone! Mkhristu wa mpingo wa Dachi wabwera ndi chitini chake!"

"Si wanga. Ndi wa galu."

"Onse amatero akamayamba."

Anawathirira ndithu, chitini chodzadza. Atsibweni anamizamo chibulumacho pamodzi ndi kachidutswa ka chiwindi, natseka ndi chikopa n'kumanga ndi luzi.

M'mawa mwake tinanyamuka panjinga, ine pa kaliyala Rhoda ali kumbuyo, chitini chikulendewera pa handulo. Ku dipi tinapeza fumbi ndi phokoso, ng'ombe zikugwera m'madzi a mankhwala n'kutulukira mbali ina zikufwenthera. A vetenale a pamenepo, a Nickson Mvula, anali munthu wamfupi wa kabudula wa khaki, mawu atasasa ndi kukalipira eni ng'ombe. Tinadikira pansi pa mtengo mpaka ng'ombe zinatha. Atsibweni anavula chipewa nafotokoza kuti galu wawo analuma mwana, anthu akuti chiwewe, ndipo galuyo wafa dzulo.

A Mvula anasintha nkhope. "Mwachita bwino kubwera. Mutu uli m'chitinimo?"

"Mutu?"

"Mutu wa galuyo, bambo. Timautumiza kwa a dokotala, amayang'ana ubongo ndi makina, n'kutiuza ngati ndi chiwewe."

Atsibweni anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

"Mutu tinatentha," anayankha iwo.

"Munatentha!"

"Misala imakhala m'mutu," anatero atsibweni, mawu ali otsika kuposa mmene ndinawamverapo.

"Ndiye chifukwa chake timaufuna! Pa galu yense, chinthu chimodzi chimene chikanatiuza, chimenecho n'chimene mwaotcha. Nanga mwandibweretsera chiyani, mchira?"

Ndinaona kuti yankho linalipo, tinali nalo pa khasu, ndipo tinaliunjikira mapesi tokha.

Atsibweni anamasula luzi natsegula chitini. Fungo la kachasu linafika kwa a Mvula chinthucho chisanaoneke, ndipo anawayang'ana atsibweni kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kenaka anasuzumira m'chitinimo. Anathothola kamtengo navuula chibulumacho nachiika pa tsamba.

"Munachipeza pati?"

"Pa kapamba wotuwa uja. Chinatseka njira ya ndulu."

"Maso anali achikasu?"

"Mpaka m'makutu."

"Eee! Ichi nacho ndi chiwindi chake? Taonani timadonthoti, chinali chitayamba kubalalika." Ananjuta, atsibweni nawo ananjuta, mitu yawo inatsala pang'ono kugundana. "Ine ndinachiona m'buku kokha, kusukulu yathu ya ziweto. Munadula ndinu? Ndi mpeni wanji?"

Anayamba kukambirana za mpeni. Ine ndili chiimire, mwana ali kumbuyo.

"Pepani, bambo," ndinatero. Sanamve. "Bambo! Mwana wanga!"

A Mvula anadzuka napukuta manja pa kabudula. "Pepani, mayi. Tandionetsani."

Ndinam'tembenuzira Rhoda kutsogolo. Kamzereko kanali katapola, patatsala kachipsera koyera.

"Anam'luma liti?"

"Tsiku limene tinayamba kukumba mtedza."

"Kukumba? Nanga simunati wafa dzulo?"

"Wafa dzulo, titalonga kale m'nkhokwe."

"Munda ndi waukulu bwanji?"

Atsibweni anati ndi wa mbumba yonse, kuchokera kumsewu mpaka kudambo, ndipo ogwira anali amayi ndi ine basi, poti iwo anali pa chigafa. Ine ndinawonjeza kuti mwezi unali wakhanda pamene analuma, ndipo unakhwima, unafa, wina n'kuoneka galuyo akadali moyo.

"Nthawi yonseyo anali womangidwa? Mumamuona ndi maso? Amamwa madzi, amadziwa dzina lake?"

"Mpaka tsiku lomaliza."

A Mvula anapuma mpweya wautali. "Mverani, mayi. Galu wachiwewe akafika poti malovu ake angapatsire munthu, masabata awiri samutha, amafa. Uyu wakhala mwezi wathunthu. Chiwewe analibe tsiku limene analuma. Mukanamupha tsiku lomwelo n'kutentha mutu, bwenzi pano ndikukulemberani kalata yopita kukabayitsa mwanayu pamimba, osadziwa ngati n'koyenera kapena ayi. Amene anakana kumupha ndani?"

"Ndine," anatero atsibweni.

"Munadziwa za masabata awiriwo?"

"Ayi. Ndinkangofuna kuona."

"Ndiye mwapulumukira mwamwayi. Tsiku lina galu akadzaluma munthu, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri, mubwere tsiku lomwelo. Osati phulusa, osati kudikira mtedza. Chikanakhala chiwewe, kudikira kwanuko kukanamupha mwanayu."

Atsibweni anaweramitsa mutu, chipewa chili m'manja.

Koma theka la mantha anga linali likadalipo. Ndinachita manyazi kunena pamaso pa mwamuna wachilendo, komabe ndinanena. Ndinafotokoza ntchito imene Kamphepo ankagwira pakhomo panga, ndi zimene a Linesi anafunsa.

"Galu amene amadya zimenezo mudzi uno ndi mmodzi?" anafunsa a Mvula.

"Ayi."

"Enawo awonda?"

"Ayi."

"Chinthu ichi amati khansa. Ndi chotupa chimene chimamera chokha m'thupi, nyama ya mwini wake yomwe n'kuyamba kukula mosalekeza. Chimakonda agalu okalamba, ndipo chikamera pa kapamba sichichiritsika, ngakhale galu wa bwana. Sichilowa ndi chakudya, sichituluka ndi dzino. Mwana wanu sanam'patse, iyenso sanam'patse mwana wanu. Koma mchitidwe woitana galuwo usiyeni, umabweretsa njoka za m'mimba."

"Ndiye kuti alibe?"

"Ine ndine wa ng'ombe, mayi, za ana sindipima. Koma ichi sanachitenge kwa galu, ndipo galu sanachitenge kwa iye."

"Munenenso, bambo."

Anandiyang'ana, naona kuti sindikuseka. Ananenanso, pang'onopang'ono, mawu omwewo.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa fumbi la ng'ombe, ndipo Rhoda anapezerapo mwayi nayamba kufunafuna bere. Pamwamba panga amuna awiriwo anali atabwerera kale ku tsamba lija.

"Nanga chimayamba bwanji?" atsibweni ankafunsa. "Nyama yabwinobwino, n'kungoganiza tsiku lina kuti ndikule?"

"Zimenezo ngakhale a dokotala athu achizungu sadziwa."

"Sadziwa? Ndi mabuku onse aja?"

"Sadziwa. Mundisiyire chitinichi, akabwera ndidzawaonetse."

"Theka. Linalo ndikaumike, ndione ngati lili ndi mizu."

"Mizu lilibe, bambo."

"Mwaona ndi maso?"

Anagawana ndithu, ndipo kachasu a Mvula anati atsale ndi theka lawolo.

Pobwerera dzuwa linali pamutu. Atsibweni ankapalasa akuyankhula, akudzifunsa ngati mbuzi nazo zimakhala nacho koma timazipha zisanakalambe, ngati nkhuku ili ndi kapamba wotuwa, ngati chimamva kuwawa chokha kapena chimangopanikiza zinzake. Rhoda anagona kumbuyo kwanga, mpweya wake ukundifunditsa pakhosi. Ndinayesa kuyankha funso limodzi kapena awiri. Kenaka, tisanafike n'komwe pa mlatho wa mitengo, mutu wanga unagwera pamsana pa atsibweni, chinthu chimene mwana wa mlongo sachita. Amayi akuti anationa tikulowa m'mudzi atsibweni atatsika, akukankha njinga ndi dzanja limodzi, linalo atandigwira paphewa kuti ndisagwe, akuyankhulabe. Zimene ankanena njira yonseyo sindinazimve.